Tsiku Limene Ndidakana Kunena Nthano ku Univesidade

Senderani kuno ana anga, ndi inu adzukulu. Amene wasowa malo pamphasa akhale pamwalapo. Cholembera wagwira ndi Marita, poti ine ngakhale dzina langa ndimasaina ndi chala. Zaka zimene muzione pamwamba pa ndime waika ndi iyeyo, ine ndimawerenga nthawi ndi mvula ndi maliro. Iyi si nthano ayi, ndi mbiri ya ntchito yanga, n'chifukwa chake ndikuinena dzuwa lili pamutu popanda mantha. Kusiyana kwa ziwirizi mumva kutsogoloku.

1994, ku Chifunde

Tidabwerako ku Zambia nkhondo itatha, ine, amayi anga ndi ana atatu. Mwamuna wanga adatsalira komweko, m'manda a kumsasa wa othawa. Tidapeza mudzi wasanduka thengo, mitengo ya mango yokha ndiyo idatilozera pamene padali khonde lathu. Nditamva kuti ku shikola ya paboma akufuna serevente, munthu wosesa, kutunga madzi ndi kuphikira ana ogonera pomwepo, ndidamanga chitenje chimene chidali chosang'ambika kwambiri n'kupita.

Mkulu wa shikolayo adali a Kumbane, mnyamata wowonda wochokera kum'mwera kwenikweni kwa dziko lino. Adali ndi malaya oyera amodzi okha, ndipo ankachapa okha. Chinyanja sankamva, ndiye mphunzitsi wina ndiye ankatimasulira.

"Auzeni kuti ntchito apeza," adatero. "Koma mkati mwa mpanda uno muzimveka Chipwitikizi chokha. Ana awa abwera ndi zilankhulo za kumisasa. Akapanda kugwira chilankhulo cha mayeso, adzakhala alendo m'dziko lawo lomwe."

Ine ndidati, "Nanga ine amene ndimadziwa moni wa bon diya yekha?"

Iwo adati, "Muzinena yemweyo."

Basi ndidayamba ntchito ya bubu. Mwana akataya zinyalala ndinkamuloza ndi tsache. Chakudya chikapsa ndinkamenya chitsulo cha gudumu la galimoto lopsa limene tidatola kumsewu, ndilo lidali belo lathu. Inu mukundidziwa pakamwa panga, mmene pamayabwira. Tangoganizani ineyo tsiku lonse nditatseka, mawu akungondiwira m'mimba ngati thobwa la dzana. Ndikangodutsa mpanda wa nkhadze uja madzulo ndinkayamba kulankhula ndi aliyense, ngakhale mbuzi.

Zosowa zidali zambiri. Makoma adalipo koma denga padalibe, mvula ikagwa shikola yatha. Bolodi lidali chitseko chakale chimene ndinkachipaka makala osinja. Choko chikatha ndinkasenda chinangwa n'kuchiyanika, aphunzitsi ankalembera chimenecho, ndipo ana anjala ankatafuna tizidutswa totsala. Koma musawaone ngati munthu woipa a Kumbane aja. Thumba lawo la ufa likabwera ankathira theka mumphika wa ana, osauza munthu. Ine wophika ndi amene ndinkadziwa.

Nyumba yanga idali kuseri kwa mpanda. Tikakolola, dzuwa likalowa, ana ogonera aja ankazemba kubwera pakhomo panga kudzamva nthano. Pakati pawo padali kamtsikana kamasiye, Lusiya, kamene kadabwera ndi azakhali ake kuchokera ku Malawi. M'kalasi sikankatsegula pakamwa ngakhale kuyankha dzina lake. Tsiku lina mphunzitsi womasulira uja adandinong'oneza kuchitsime kuti a Kumbane akufuna kukabweza kwawo, ati ndi kogontha. Ndidaseka mpaka ndowa idandipulumuka. Ndidati, "Inu aphunzitsi, madzulo ano muwadutsitse cha kwanga ngati mukungowongola miyendo." A Kumbane adadutsadi, napeza wogontha uja ndiye akutsogolera nyimbo ya m'nthano, mawu ake akumveka mpaka kumsika. M'mawa mwake a Kumbane adamuitana Lusiya, nayamba kumuphunzitsa okha masana aliwonse pansi pa mtengo, mpaka Chipwitikizi chidamulowa ngati adabadwa nacho. Koma lamulo la mpanda sadalichotse.

2003, ku Nsadzo

A Kumbane adapita kukawonjezera maphunziro, ndipo Lusiya atamaliza za kwathu kuno ndi iwo adamupezera malo ku Tete. Ine aboma adandisamutsira ku Nsadzo, ndipo ndidatenga amayi anga chifukwa maso adali atayamba kuwavuta. Kumeneko vuto lidali madzi. Mwezi wa khumi chitsime chinkauma, ndiye ndinkalawirira kumtsinje kukakumba mumchenga, mitsuko iwiri isanakwane dzuwa latuluka kale. Akulu a shikola adasinthana angapo. Wina ankamwa, wina ankapemphera kwambiri, wina adali wa konkuno ndithu koma Chinyanja ankachilankhula monong'ona ngati akunena za ufiti.

Patapita zaka kudabwera mabuku a Chinyanja, ati tsopano ana oyamba aziphunzira m'chilankhulo cha amayi awo. Aphunzitsi ankawatembenuza mabukuwo ngati nsomba yachilendo. Adaphunzitsidwa kuphunzitsa m'Chipwitikizi, ndiye akamawerenga Chinyanja chawo chomwe ankapunthwa ngati akuyenda pa mizere ya mbatata. Ndipo chodabwitsa chidali kwa ine. Lamulo lidatha, koma ndikalowa pabwalo la shikola lilime linkadzimanga lokha. Mbuzi yozolowera chingwe, ngakhale uimasule, imangozungulira pachikhomo pomwepo.

2018, ku Tete

Chaka changa chomaliza pantchito, titangokolola, padafika njinga yamoto pakhomo. Adatsika mayi wovala magalasi, nagwada pafumbi ndi siketi yake yabwinoyo.

"Amayi a Nabanda, mwandiiwala? Ndine wogontha wanu uja."

Tidalira, tidaseka, amayi anga adamupapasa nkhope. Titadya adafotokoza chimene adadzera. Tsopano adali kuphunzitsa ku univesidade, kumene amasula aphunzitsi.

"Amayi, aphunzitsi amene timatulutsa amadziwa mmene mwana wa ku Ulaya amaphunzirira, maina a azungu amene adalemba zimenezo amawaloweza onse. Koma afunseni mmene mwana wa ku Nsadzo amaphunzirira kwa agogo ake, angoyang'ana kudenga. Ine ndakonza phunziro la mmene anthu a kuno amaphunzitsira, ndi nthano, nyimbo, kuyankhizana. Akuluakulu akuti zimenezo ndi masewera, si nzeru za ku univesidade. Amene ayenera kuvomereza ndi a Kumbane, ndiwo mkulu wa gawo lathu tsopano. Andipatsa mpata umodzi wokha. Akuti ndibwere ndi munthu wodziwa, aone ndi maso awo. Zikawakomera phunziro lilowa, zikapanda kutero ndiliiwale."

Ndidati, "Bambo aja amene adanditseka pakamwa?"

"Omwewo. Adakwatira mkazi wa ku Angonia, Chinyanja amachimva tsopano."

Ndidavomera. Koma pamenepa mpamene tidalakwa tonse awiri. Palibe amene adatchula nthawi. Iye sukulu idamuiwalitsa, ine ndidayesa kuti mwana aliyense wobadwa kwa munthu amadziwa kuti nthano imadikira dzuwa lilowe. Kwathu kuno timati wonena nthano masana amakumbira manda mayi ake. Ndipo amayi anga ndidawasiya akutsokomola, chifuwa chikulira ngati mluzu.

Tidatulukira kumsewu waukulu wochokera ku Cassacatiza, n'kukwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Tete. Mlatho wa pa Zambezi ndidawoloka nditatsinzina. M'mawa mwake Lusiya adandiveka nsalu yatsopano napita nane kunyumba zazitali za univesidade. Ine ndinkati tikupita kukapereka moni kwa eni mudzi monga mwa ulemu, ntchito madzulo. Adandilowetsa m'chipinda chodzaza anyamata ndi atsikana, aliyense kope patsogolo. Kumbuyo kudakhala a Kumbane, atanenepa, imvi mbuu, ndi akuluakulu ena awiri. Lusiya adalankhula Chipwitikizi chake chachitali, onse naomba m'manja. Kenako adanditembenukira.

"Yambani, amayi."

"Ndiyambe chiyani?"

"Nthano."

Ndidayang'ana pawindo. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa, lija lowotcha mwala mpaka kuphulika. Ndidamukoka Lusiya ndi kumunong'oneza, "Mwana iwe, wapenga? Agogo ako aja tawasiya akutsokomola."

Nkhope yake idagwa pomwepo, ndidaona kuti wakumbukira. Adati, "Amayi, chonde. Zija ankangotiopseza kuti tisathawe kumunda. Kamodzi kokha."

Mwina ankanena zoona, sindikudziwa. Ine sindidaonepo munthu amene mayi ake adafa chifukwa cha nthano, koma sindidaonenso munthu amene adayesa. Ndidaima pamenepo ndikuyeza zinthu ziwiri mumtima. Uku mwana amene adagwada pafumbi pakhomo panga, ntchito yake yonse ili m'kamwa mwanga. Uku mayi amene adandibereka kumsana, amenenso adayenda nane usiku kuthawa mfuti mpaka ku Zambia. Ndikanena nthanoyo n'kukapeza anthu atasonkhana pakhomo, ndidzauza ndani kuti zidali zongoopseza?

Ophunzira adayamba kunong'onezana. Mnyamata wina wakutsogolo, amene adamva nkhani yathu, adadzuka mwaulemu ndithu nakoka makatani onse, m'chipinda n'kuchita mdima. Adati, "Agogo, kwada tsopano." Anzake adaseka. Nanenso ndidaseka pang'ono, ndidati, "Mwanawe, wandibisira dzuwa, koma kodi ilolo waliuza kuti lalowa?"

Pamenepo a Kumbane adadzuka. Adalankhula Chinyanja chokhota koma chomveka.

"A Nabanda, kale ndidakuuzani kuti mukhale chete, mudamvera zaka zonse zija. Lero ndikukupemphani kuti mulankhule, mukukana?"

Ndidagwada, ndidati, "Bambo, kukhala chete kuja kunkapweteka ine ndekha. Uku kukhudza amayi anga. Chilichonse ndikuchitirani, ngakhale kusesa nyumba yonseyi, koma nthano masana iyayi."

Akuluakulu awiri aja adayang'ana mawotchi awo natuluka. A Kumbane adawatsatira. Ophunzira adatola makope awo mmodzimmodzi. Tidatsala awiri m'chipinda cha mdima chija.

Lusiya adavula magalasi. Adati, "Amayi, mwandipha." Mawu amenewo adandilasa kuposa minga ya mkunkhu. Ndidatsala pang'ono kunena kuti aitane abwerere, ndinena, zikhale mmene zikhalire. Koma pakamwa padakana. Adandisiya pabenchi panja, pafupi ndi amayi ena amene ankakolopa, iye n'kulowa mu ofesi ya a Kumbane. Mnzanga wokolopayo adandipatsa madzi, nandifunsa kuti ndadzera maliro kapena mlandu. Ndidati zonse ziwiri.

Ndinkamva mawu akukwera kuseri kwa chitseko, koma Chipwitikizi cha mkangano sindichitola. Zimene adakambirana adandiuza Lusiya pambuyo pake. Ati adalowa kukapepesa, koma ali mkati mopepesa adadzimva yekha zimene ankanena, nasiya. Adawauza kuti, "Aphunzitsi, wolakwa ndine, si mayi aja. Ndaitana nzeru yawo koma lamulo lake ndalisiya pakhomo. Tikufuna nthano ilowe muno itavula zonse, ivale nthawi yathu, mipando yathu, makope athu. Nanga pamenepo tasintha chiyani? Dotolo akati mankhwala awa amamwa usiku, timasintha ndife." A Kumbane akuti adayankha kuti ndondomeko ya nthawi idakhomedwa kale, siisinthira munthu mmodzi, ndipo univesidade siingayendere zikhulupiriro. Lusiya adati, "Simusintha kanthu. Gulu la madzulo lilipo kale, aphunzitsi aja amene amagwira ntchito masana n'kumadzaphunzira dzuwa litalowa. Ndibwerekeni amenewo lero lokha." Akuti a Kumbane adati, "Udali wosalankhula iwe. Ndani adakuphunzitsa makani?" Iye adati, "Inu ndi mayi ali panjawo."

Dzuwa litangomira kuseri kwa mapiri tidalowanso m'chipinda chomwe chija. Anthu ake adali ena, akuluakulu otopa, ena choko chikadali m'zala, mayi wina ali ndi khanda kumsana. Akuluakulu awiri aja sadabwerenso. Mpando wa a Kumbane udali wopanda munthu. Mtima udandigwa, koma ndidati ndayenda ulendo wonsewu, ndinena basi.

Ndidati, "Padangokhala."

Zii. Mitu yonse pansi, zolembera zikuthamanga. Akulemba padangokhala wangayo!

Ndidati, "Lusiya, auze aike timitengo tawoto pansi. Nthano ili ngati mtondo wa anthu awiri, mmodzi akasiya kusinja winayo amathyoka msana. Kodi kwanu kudalibe agogo?"

Adamasulira kwa amene sankamva. Adayang'anana mwamanyazi, ngati ndawauza kuti avule nsapato pamaso pa apongozi. Ndidabwereza, "Padangokhala." Bambo wina wonenepa wa kumbuyo adayankha ndi mawu aang'ono, "Tilitonse." Anzake adaseka. Ndidati, "Ameneyo ndiye adaleredwa. Enanu mudaphuka ngati bowa?" Kachitatu chipinda chonse chidagunda.

Ndidawanenera ya mkamwini uja amene chaka cha njala adapeza uchi, naukwirira mumtsuko pansi pa dzala la phulusa, ndipo tsiku lililonse ankauyamwa ndi bango akuuza ana ake kuti amuimbire pamene iye akudya phulusa kuti chakudya chitsalire iwo. Pofika panyimbo, mayi wa khanda uja ndiye adailanda, adaidziwa m'Chinyungwe cha kwawo, mawu ena koma mafupa omwewo. Wina adati kwawo ku Zambezia si uchi koma mafuta. Adayamba kutsutsana ngati ana. Nditamaliza, Lusiya sadandifunse tanthauzo, adafunsa iwo: wolakwa ndani, bambo wonama kapena mkazi wake amene adazindikira bodzalo nakhala chete mpaka tsiku lomuchititsa manyazi? Mkangano udabuka, Chipwitikizi, Chinyanja, Chinyungwe, zonse mumphika umodzi. Kenako adawafunsa kuti, "Mwaona kuti palibe amene wagona? Mwaona kuti palibe amene walemba, koma nonse mungainene mawa? Tiyeni tione chimene mayiwa achita kuti zitero." Pamenepo mpamene ndidamva kuti zimene ndinkachita pakhonde panga zaka zonse zija zili ndi mafupa oti anthu n'kuwawerenga.

Nditacheuka ndidaona a Kumbane ataima pakhomo, chikwama m'manja, ngati munthu amene amapita kwawo koma mwendo wakodwa. Sindikudziwa kuti adafika nthawi yanji. Sadayimbe nawo, sadaombe m'manja. Anthu atatuluka adabwera pamene tidali.

Adati kwa Lusiya, "Lilowa, koma la madzulo okha. A masana amene akulifuna azibweranso. Adzadandaula za shapa, udzawayankha ndiwe." Kenako adanditembenukira. "A Nabanda, nyimbo ija ndidaimvapo. Si imene kankaimba kamwana aka tsiku lija?"

Ndidati, "Yomweyo, bambo."

Adagwedeza mutu, nati, "Ndidaima kuseri kwa nkhadze tsiku limenelo. Lero ndaima pakhomo. Mwina ndisanafe ndidzakhala pansi."

Lusiya adandikumbatira mpaka nsalu yatsopano ija idamasuka. Koma ine mtima udali usanatsike. Ulendo wonse wobwerera ndinkangoganiza kuti kodi padangokhala amene ndidamunena mumtima m'mawa muja, pamene ndinkalimbana ndi maganizo, amawerengedwa kapena ayi. Titayandikira mudzi ndidatchera khutu kuti ndimve ngati kuli kulira. Kudali nkhuku zokha. Ndidapeza amayi ali pakhonde akusenda mtedza, chifuwa chitapepuka.

Adati, "Wabwera? Nsomba za ku Zambezi zili kuti?"

Ndidakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za dzuwa, za makatani, za kukana kwanga pamaso pa akuluakulu. Adamvetsera akutafuna mtedza ndi dzino lawo limodzi lija.

Adati, "Wachita bwino. Ndidali ndisanakonzeke." Kenako, "Koma nsomba ndiye waiwala ndithu?"

Pambuyo pake

Chaka chomwecho ndidapuma pantchito, tsache ndidasiyira mtsikana wa kwa a Zakariya. Ku Tete ndidapitanso kangapo, nthawi zonse titakolola, ndipo palibe adandifunsanso nthano dzuwa lili kunja. Miyendo itayamba kukana, Lusiya adapeza ena, bambo wina wosula makasu ndi mayi woumba mbiya, ati iwowo ndiye amafuna masana, ndipo univesidade idawapatsa masana awo.

Lusiya akadali komweko, ali ndi ana awiri, ndipo amakangana ndi akuluakulu mpaka lero, tsopano akuti akufuna ophunzira aziyankha mayeso ena pakamwa m'chilankhulo chawo. Zimenezo sadamulolebe. Bambo wonenepa amene adayamba kuyankha uja adadzakhala mkulu wa shikola ina cha kumalire, ndipo adanditumizira nkhuku. Mnyamata wa makatani akuphunzitsa konkuno ku Chifunde, akandiona pamsika amabisa nkhope ndi kope. A Kumbane adapuma nabwerera kwawo kum'mwera. Lusiya akuti madzulo awo omaliza adalowa m'kalasi mwake nakhala pampando wakumbuyo mpaka kumapeto, koma ngati adayankha nawo iye sadamve.

Amayi anga adadya chimanga chatsopano katatu kuchokera pamenepo. Adapita ali m'tulo, nthawi ya dzinja, atakhuta masiku awo. Tidalira monga mwa mwambo, koma ine polira paja mtima udali pamalo. Adawatenga ndi ukalamba wawo, pakamwa panga padalibe mlandu.